Mbuzi Yomaliza ya pa Alcedo

Alendo amandifunsa zaka za afulu.
Ine ndimangoti: tiyeni tikwere, dzuwa lisanakwiye.
Bwato latisiya pamiyala yakuda yodya nsapato,
pomwe ng'azi za m'nyanja zasanjikizana
zikuyetsemula mchere,
ndipo nkhanu, zofiira ngati zophikaphika,
zikuthawa zammbalimbali.

Maola asanu pa phulusa.
Mayi wa ku Osaka wamanga bondo ndi mpango,
mwamuna wake akulemba dzina la mbalame iliyonse
ngati ali nayo ngongole.
Pamwamba, phiri layasama.
Nthunzi ikufuka, fungo la mazira owola,
ndipo m'zithaphwi za matope, ndi awo,
misana yawo ngati mabwato ovundikira,
ali phee, chifunga chikuwadonthera.

Kuno sikunali chonchi.
Ndili ndi zaka makumi awiri
ndinakwera njira yomweyi ndi bambo, Eudoro,
mfuti paphewa, madzi m'zigubu.
Mbuzi zinali zitaoloka chiphalaphala chouma
chimene aliyense ankati sichioloka,
n'kuswana, n'kuswana,
mpaka phiri linkayenda ndi miyendo.
Zinadya udzu, zinadya makungwa,
zinadya mitengo imene imakama chifunga.
Zithaphwi zinang'ambika.
Fulu wamkulu kuposa agogo a agogo anga
ndinamupeza atafa ndi ludzu, khosi lili tambasu.

Helikopita inagwira ntchito yake.
Zotsala zinaphunzira phokoso, zinalowa m'mapanga.
Ndiye tinagwira mkota umodzi wa banga pamphumi,
tinaumanga lamba wa wailesi m'khosi,
tinapaka nyanga utoto wachikasu,
n'kuumasula.

Amati kali kokha n'kanyama.
Bodza. Ngakhale kanyama sikafuna kukhala kokha.
Unayenda masiku anayi ukununkhiza mphepo,
unapeza anzake atatu kuphanga.
Ife pambuyo, kamakina kakulira m'manja: ti, ti, ti.
Tinawombera atatuwo.
Wa nyanga zachikasu tinausiya.

Bambo anati usaupatse dzina.
Ndinaupatsa: Hermelinda,
dzina la azakhali ogulitsa buledi ku Villamil,
amene nawonso sankadya okha.

Kakhumi ndi kamodzi Hermelinda anapeza banja.
Kakhumi ndi kamodzi tinamutsatira.
Ulendo wina anagona pambali pa tonde wakufa
usiku wonse, ife tikudya nsomba zam'chitini
osayang'anana.

Kenako kunalibenso woti am'peze.
Kamakina kankatiuza kuti akuzungulira mlomo wa phiri,
kuzungulira, kuzungulira,
kulira kwake kukubwerera kuchokera kudzenje
iye n'kumathamangira komweko.
Mwezi wachisanu ndi chitatu, ti, ti, ti
anaima malo amodzi.
Ndinapita ndekha.

Taonani tsopano mitengo yabwerera,
ndere zikulendewera ngati ndevu zonyowa.
Tiana ta afulu tokwana m'chikhatho
tikudutsa pa nsapato yanga.
Sindinong'oneza bondo. Ndikanachitanso.
Koma lamba uja ali m'chikwama,
pansi pa mabandeji ndi mabisiketi a alendo,
ndipo chikopa chake chikadanunkha mbuzi
mvula ikagwa.

Mayi wa ku Osaka akunong'ona:
malo ano ali ngati munthu sanapondepo.
Ndatsegula pakamwa.
Koma apo fulu wadzuka m'matope,
waimika miyendo, watambasula khosi kumwamba,
ndipo kambalame kakuda katera,
kakutola nkhupakupa m'makwinya ake,
mmodzi osaopa mnzake.

Ndati: jambulani msanga, mayi,
sachedwa kutopa.