Mipeni Iwiri pa Kamwala

Kuseri kwa mashopu a zitenje
Fakisoni wayala malonda pa saka:
maloko, mabatire, tochi wosayaka,
ndi mipeni iwiri yopinda.

Wakudawo umatseguka ndi chala chimodzi,
kwapu!
ngati unkandidikira.
Wameta cheya cha pamkono panga
osandifunsa.

Winawo chigwiriro n'chamtengo,
wouma khosi ngati mwini ngongole.
Mpaka chikhadabo chiwawe
ndiye uvomere kutuluka.

"Tengani wakudawu, bwana, ndiwo wa amuna."

Ine ntchito zanga n'zochepa:
kudula zingwe za katundu pa Intasite,
kusenda mzimbe podikira basi ya ku Chipata,
kusongola pensulo,
kutokosa kamwala kunsi kwa nsapato.

Makwacha a wakudawo ndawerenga kale m'manja
pomwe wandifikira m'mutu Tikambenji,
wa zaka zinayi,
amene madzulo, jekete ndisanavule n'komwe,
amapisa kadzanja m'thumba mwanga
kusaka switi.

Ndalipira wouma khosi uja.
Fakisoni wapukusa mutu,
chenji n'kundipatsa yoperewera.

Mu minibasi ya ku Chawama
ukundigunda pantchafu pa bampu iliyonse,
uli chete, kukamwa kotseka,
pambali pa maswiti awiri.