Dongo Lobwerera Kwawo

Lafika Lachiwiri mu paipi yotalika ngati mkono wanga,
litakulungidwa ngati khanda lobadwa masiku osakwana:
thope la pansi pa nyanja ya mchere,
kumene Zambezi amakatula katundu wake.
Mlonda wa pa geti, a Chimpeni, apukusa mutu:
"Matope onse a ku Mgona sanakukwaneni, mayi,
mpaka kuitanitsa ena pa ndege?"

Ndalidula mopyapyala, mzere ndi mzere.
Utali wa chala changa chamkombaphala
ndi zaka zoposa mibadwo yonse ya kwathu.
Apa potuwa pali kaolinaiti,
dongo lobadwa pamene mvula yofunda
inavunditsa miyala kwa nthawi yaitali.
M'munsi mwake muli ilaiti, wouma mtima,
mwana wa chilala ndi mphepo yozizira,
thanthwe litangoperesedwa, osasungunuka.
Dongo silidziwa kunama. Silinapite kusukulu.

Magetsi athima makina ali pakati pa chiganizo.
Ndatsegula zenera. Okutobala walowa ndi fumbi lake,
ndi utsi wa mauvuni a njerwa kutsidya kwa Lingadzi.
Bambo anga ankaumba njerwa ku Mtandire.
Ankalawa dothi ndi nsonga ya lilime
n'kunena kuti ili ligwira, ili ling'aluka.
Ine ndimafunsa funso lomwelo
ndi chipangizo chodula kuposa nyumba yawo.

Pansi pa nyanja palinso mitsinje, bambo,
yopanda magombe, yopanda mlatho,
yozizira, yoyenda mumdima ngati anamalira.
Ikasintha njira, dongo limagona pena,
ndipo ine, ndili kuno kopanda mafunde,
ndimapeza mapazi ake pa galasi.

Mwina kambewu aka kanachoka konkuno.
Kanatsika ndi Lilongwe, kanalowa mu Linthipe,
kanazemba tulo ta m'nyanja yathu, Shire anakanyamula.
Sindingalumbire. M'lipoti sindidzalemba zimenezo.
Koma ndakakhudza ndi chala chosavala gulovu.

Madzulo, pa mlatho wa kumsika,
minibasi yaima pamzere, kondakitala akukangana za chenji.
Pansi pathu mtsinje waonda, ukudikira mvula yoyamba
kuti ufiire ndi minda ya anthu, ndi mapiri ometedwa.
Udzapita nazo zonse kumene kuja.
Tsiku lina wina adzadula mzere wa chaka chino,
adzauyang'anitsitsa,
n'kufunsa kuti kunachitika chiyani kumtunda.