Botolo la m'sokosi

Ku hositelo kwathu ku Santhe
belu lokagona likangolira
unkatembenukira kukhoma
n'kupisa dzanja m'sokosi yakale.
Unaika thonje m'botolo kuti lisachite phokoso,
koma ine wa bedi lam'mwamba ndinkamva ndithu:
piritsi limodzi, lotsitsira malovu okha.

Teremu yonse sindinanene kanthu.
Loweruka ukati ukukaona azakhali ku Kasungu
ndinkangokubwereka juzi.
Pobwera juziyo inkanunkha fumbi la minibasi
ndi sopo wa kuchipatala.

Usiku wokonzekera mayeso a Bayoloje
unagonera pa kope, cholembera chili kukamwa.
Nthawi yako inadutsa. Ndinatsika,
simenti ya mu Juni ikuluma kumapazi,
ndinatunga madzi m'kapu yanga yong'aluka
n'kukugwedeza phewa:
"Ndaziona, sokosi ija."

Unandiyang'ana nthawi yaitali.
Panja mlonda anakhosomola.
Kenaka unamwa, madzi onse,
n'kundibwezera kapu osanena zikomo.

Loweruka lotsatira unalipira mipando iwiri.
Pamene namwino ankandibaya chala
ine ndikunjenjemera ngati tsamba la fodya,
amene anandigwira dzanja linalo
ndiwe.