Sikiri ya Wosamalira Akavalo

Ndinachoka ku Bawean popanda wondiimbira.
Amayi anandimangira nsomba zouma m'kansalu,
mkeka ndinaupinda ndekha.
Kiyai Bahrawi anandigwira dzanja padoko
nandiika mawu kunsi kwa lilime:
"Awa usawalembe. Pepala limanyowa panyanja."

Ku Singapore anandipatsa akavalo anayi
ndi burashi yothothoka.
Bwana ankandiitana dzina la yemwe ndinamulowa m'malo.
Ndinkavomera. Njala sisankha dzina.
Ku pondoki tinkagona anthu makumi atatu,
mapazi a uyu kumutu kwa uyo,
mwezi ukatha aliyense kakobiri m'chitini
cha odwala ndi maliro.

Lachinayi usiku tinkazimitsa nyali.
La, kuchokera pamchombo kukwera kuliwombo,
ilaha, kuphewa lamanja,
illallah, kugwera pamtima
ngati nyundo ya wokhoma nsapato za akavalo.
Matabwa a nyumba ankapuma nafe.

Sitinkadziwa kuti khoma linali ndi khutu.
Maidin, Mtamili wogulitsa tiyi kuseri,
anabwera m'mawa ndi kapu yosalipiritsa:
"Chimene mumachita chija chandilanda tulo.
Ndipatseniko."

Ndimpatse ine?
Ine wonunkha ndowe, wosadziwa alifu?
Twaliki ndi unyolo, mphete imalowa mu inzake,
sungaitole panjira.
Hosnan dalaivala anandilembera kalata yopita kwathu,
ndinadindapo chala.

Mvula inabwera, inapita, inabweranso.
Maidin ankakhala pakhomo, kunja kwa bwalo,
milomo ikuyenda yokha.

Yankho linafika m'thumba la mnyamata wachilendo
yemwe anali akusanzabe mafunde.
Kiyai tinawaika mwezi wa Rajabu, anatero.
Anatulutsa tasibihi yakuda ndi thukuta la zala,
ulusi wake watsopano, womangidwa ndi amayi a kunyumbako,
ndi mawu oloweza pamtima:
"Wodziwa kugwira chingwe osang'amba kavalo pakamwa
angathe kugwira dzanja la munthu."

Ndinalira m'khola, nkhope m'khosi mwa kavalo wofiira.
Iye anangopitiriza kutafuna.

Lero bwalo lathu silikwana m'chipinda.
Muli Amalaya, Atamili, Ajava awiri.
Mwana wa Maidin wapita nawo mawuwo ku Penang,
wina akuti anamveka padoko la Saigon.
Ine ndikadali ndi burashi.
M'bandakucha ndikamapesa, ndimawerenga mpweya,
ndipo kavalo wofiira uja, ndikulumbira,
amatsitsa mutu kumanzere pa illallah.