Magalasi a ku Bangula

Anandiveka magalasi akuda kumsasa wa Bangula,
ati ndione Makhanga madzi asanabwere.
Ndinaona mtengo wa masawu, mbuzi zanga zitatu,
khonde lopanda matope.

Zuze, mnyamata wa bungwe, maso pakompyuta:
"Mayi Alufandika, makina akuti mwasangalala."
Mtima unkathamanga, inde.
Unathamanganso chomwecho usiku umene Ruo analowa m'nyumba.

Chinthucho chitaona diso langa lanyowa
chinawonjezera kuwala kwa dzuwa,
n'kuchotsa mtsinje.
Anachiuza ndani kuti mtsinje sindiufuna?
Mwana wanga ali momwemo.

Ndinadinda chala papepala la Chingerezi.
Batire litatha, anapakira.
Misozi yanga inakwera galimoto ya ku Blantyre,
ine n'kutsala, thukuta m'maso,
pamzere wa chimanga.