Mailosi Makumi Anayi

Kabokosi kalira ku Sweetwater.
Sikakalipa, sikatukwana, kangoti tswii,
kenako ziro wofiira pagalasi,
ndipo ine, Ofelia Quintero, mwini galimoto ndi ngongole yake yomwe,
ndakhotera pansi pa getsi la pomwetsera dizilo
ngati mwana woitanidwa kukagona masewera ali pakati.

Kwathu ku Snyder ndi mailosi makumi anayi.
Nditatsitsa zenera, mwina n'kumumva galu wathu akuuwa.

Yangayi si chilole chogwedeza milatho.
Ndi kapikapu ka matayala awiriawiri kumbuyo,
kokoka ngolo ya khosi lopindika.
Pangolopo pagona pampu imodzi, yomangidwa maunyolo anayi,
imene chitsime cha mafuta ku Pecos chikuilirira ngati mankhwala.
Koma sikelo inanena kale kuti ndalemera,
ndipo lamulo silifunsa ngati ndiwe njovu kapena mbuzi:
wadutsa malire ndi katundu wa eni,
injini yako ikhale ndi mboni.

Mboniyo siinama. Vuto lake n'lomwelo.
Inandiona ku Shreveport, m'bwalo la fumbi,
ndikudikira maola asanu,
mnyamata wa makina okwezera katundu atasowa ngati ndalama ya Lachisanu,
ine ndikusenda mtedza pachiwongolero.
Inawerenga onsewo, mphindi ndi mphindi,
n'kuwadula pa khumi ndi anayi anga.
Maola odikira salipidwa, koma amadya.

Burl aimba foni: Uli pati, mayi? Akuifuna kusanache.
Ndimuyankha: funsa kabokosi, kakundidziwa kuposa amayi anga.

Bambo anga, a Eusebio, anali ndi mabuku awiri.
Lina la apolisi, mizere yake yojambula ndi rula,
lina la zoona, pansi pa mpando, lonunkha khofi wotayika.
Ankati pensulo ndiye kiyi wa usiku.
Ankafika kunyumba nthawi zonse, maso ali psuu,
n'kutinyamula tili m'tulo, ndevu zikutibaya masaya.
Nthawi zonse, kupatula kamodzi:
kunja kwa Lamesa, pamsewu wowongoka ngati ulusi,
kopanda mvula, kopanda mphepo,
pa phula popanda ndi kamzere komwe ka mabuleki.
Buku la apolisi linati ola limenelo anali mtulo ku Abilene.
M'bukumo, mpaka lero, akadagonabe ku Abilene.

Ndiye sindidziwa woti ndimukwiyire.

Maso anga ndi ouma, ndikulumbira.
Ndikhoza kuyendetsa mpaka ku New Mexico ndikuimba.
Koma nawonso ankalumbira chimodzimodzi,
dzanja lili pachifuwa, lina likufufuza makiyi.

Tadeo aimba, dzino lake lagwa lero.
Alionetsa pafoni, kambewu koyera pachikhatho.
Mubwera? Ndili pafupi, mwanawe.
Pafupi bwanji?
Pafupi moti ndikuona mitambo yomwe ukuionayo.
Ndiye bwerani.
Ndimuuza za maola khumi opumula.
Ati: ameneyo ndi mphunzitsi wanu?
Ndiseka mpaka kukhosi kuwawa.

Ndituluka kukagwedeza maunyolo, umodzi umodzi.
Onse ali nganganga.
Kumadzulo, pamwamba pa minda ya thonje,
magetsi ofiira a zipupa zamphepo akuphethira pamodzi,
mazana, ngati wina akuwawerengera nawonso nthawi.

Mpando wakumbuyo ndi wamfupi ndi chikhatho chimodzi.
Ndipinda miyendo, jekete pamutu, nsapato pafupi ndi chitseko.
Kabokosi kayamba kuwerenga chobwerera,
ndipo koyamba lero nambala zake zili mbali yanga:
naini koloni fifite naini,
naini koloni fifite eyiti.

Mawa pampu ifika mochedwa, Burl adula mtengo.
Loweruka ndidzaika chala pampata wa dzino lija.
Pakali pano chilole cha ng'ombe chaima pambali panga,
injini ikung'ung'udza, ziboda zikugunda chitsulo,
ndipo ndikugona,
ndikugonadi,
pamalo pomwe buku likunena kuti ndagona.