Chotsala Pakati

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndinkayeza mathirakitala a nzimbe pa sikelo ku Nchalo:
lodzaza polowa, lopanda kanthu potuluka,
chotsala pakati ndicho ndinkalemba m'buku.
Tsopano kampani yandilembera mizere itatu.
Makiyi a nyumba akuwafuna mwezi ukatha.

Ndakhala pakhonde ndi pensulo yomwe ija.

Mnyamata wa kwa Alufandika wabwera ndi chithunzi pafoni:
kanyumba kachitsulo kopaka utoto wobiriwira,
bedi m'mwamba, tebulo lopinda pansi pake, sola padenga,
bokosi la machesi lovala suti.
Akuti kamabwera pa lole kuchokera ku Blantyre,
kutsetsereka mapiri onse aja mpaka pa Thabwa.
"Theka lero, mayi, theka pang'onopang'ono."

Pang'onopang'ono ndimamudziwa ine.
Anadya njinga yamoto ya malemu bambo a Dolika,
anadya ng'ombe ziwiri, natsukuluza m'kamwa ndi wailesi,
m'mawa mwake anagogodanso.

Nanga iwe mwana, unagonapo m'chitsulo
mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa,
pamene mbuzi zimakanganirana mthunzi wa mtengo wa magetsi?

Felesiya, mng'ono wanga, akuti ndipite ku Bangula.
Kuseri kwa golosale kuli chipinda, chaulere.
Ndachiika pa sikelo, muvi wanjenjemera.
Chaulere chimapepuka masana,
usiku n'kumalemera,
mlamu Zuze akamatsokomola kuseri kwa khoma
kuwerenga makandulo amene ndayatsa.
Pakhoma lomwelo pali mzere wamatope wofika m'chiuno
umene madzi anasaina chaka chija,
laimu wakanika kuufufuta.

Za lendi musandiuze n'komwe.
Lendi ndi ngongole yomwe yangosintha malaya.

Ndiye Loweruka ndinakwera kabaza kupita kumtunda kwa Ngabu
kumene mayi anandisiyira kamalo kaminga,
mtengo wa masau umodzi ndi chulu.
Khembo mmisiri anafinya dothi la pachulu m'manja,
nalinunkhiza ngati fodya, nati, "Njerwa zilipo."
Chipinda chimodzi. Khonde lalikulu kuposa chipinda,
poti ife a kuchigwa m'nyumba timangosungamo katundu ndi tulo ta m'dzinja,
moyo wonse uli panja pamphasa.
Tinawerengera pansi ndi kamtengo:
simenti, malata, chitseko, mawindo awiri oyang'anana
kuti mphepo ilowe isakhale mlendo.
Pansi pa mzere panatsala mbuzi zitatu.
Palibe dzina la munthu wina pansi pa mzerewo.

Dolika waimba kuchokera ku Lilongwe:
"Amayi, chipinda chimodzi? Anthu adzati chiyani?"
Anthu anali chete, mwanangu,
tsiku lomwe wailesi inkatuluka pakhomo pamutu pa mlendo.

Masofa atengedwa ndi aphunzitsi a ku sekondale,
alipira zonse, ndawerenga kawiri.
Mabedi a ana ndapereka kutchalitchi.
Firiji, mapoto asanu ndi awiri, nsapato zosongoka za ku ofesi,
nyumba ikutuluka pa sikelo ikupepukirapepukira,
mawu anga ayamba kundiyankha m'zipinda.

Koma kabati yagalasi yakana.
Mbale za maluwa zili mmenemo sizinadyerepo munthu,
zinkadikira alendo oyenera, sanabwere.
Bambo a Dolika anaisenza pangolo kuchokera ku Nsanje
chaka chimene tinalibe ngakhale mpando,
ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anagula ndi ndalama zake zenizeni.

Dzulo ndabwerera pachulu paja dzuwa litapendeka.
Ndayeza ndi mapazi: bedi apa, ndowa apa, Baibulo pazenera.
Kabati sikulowa.
Ndaima nthawi yaitali, masau akugwa okha.

Kenaka ndazula chikhomo cha Khembo,
ndachisunthira kunja mapazi atatu.
Njerwa zina mazana anayi, lata limodzi.
Ndanyowetsa pensulo ndi malovu,
pa mbuzi zitatu ndalembapo ziwiri.